Khoma Losafika Kudenga

Tadala, Yamikani, ndi iwe Chisomo, sendererani kufupi ndi foniyo. Mawu amene ndikujambulawa ndi ataliatali, ndiye amene akufuna kukataya madzi apite pompano. Kuno ku Jumeirah, ku Dubai, ndi masana, dzuwa likukazinga mchenga, ndipo madamu, mkazi wa abwana anga, salola kuti munthu akhale m'dimba nthawi ngati ino. Maluwa ndathirira m'mawa, ndadya, ndakhala pa bedi m'kachipinda kanga kuseri kwa galaja. Nthawi ndili nayo.

Bambo anu andiuza zonse. Akuti chikusiyireni ku Limbe kuti muzithandiza agogo anu aakazi pamene masukulu ali otseka, madandaulo sakutha. Nyumba ndi yakale. Nyumba ndi yaing'ono. Iwe Tadala akuti unanena kuti njerwa zake zikuoneka ngati za kundende. Yamikani akuti sukupeza tulo chifukwa munthu wa nyumba inayo akayetsemula umadzidzimuka. Chisomo yekha ndiye akuti palibe vuto bola mbatata ilipo. Mwana ameneyo watengera ine.

Sindikukudzudzulani ayi. Nyumba imeneyo ine ndinadana nayo kuposa inu nonse atatu, ndipo chidani chimenecho ndi chimene chinandikweza ndege imvi zitamera kale. Koma dikirani, ndiyambe bwino.

Mdadada umenewo, makomo asanu ndi atatu pansi pa denga limodzi, anamanga ndi a kampani ya sitima bambo anga akadali kumsana. Anamangira antchito awo, oyendetsa sitima, okonza njanji, ogulitsa matikiti. Bambo anga atakula analembedwa ntchito yokonza nyumba zomwezo, n'kupatsidwa nambala 4, momwe mukugonamo. Ine ndinabadwira m'chipinda chimene mwaunjikamo zikwama zanucho. Pambuyo pake kampani itachepetsa antchito, inagulitsa nyumbazo kwa okhalamo. Ndiye chifukwa chake lero ndi yathu.

Mawa kukacha mutuluke panja, maso muwachotse pa foni, muyang'ane khoma. Muona kuti njerwa sizinagone mofanana. Imodzi yagona m'litali, yotsatira yapingasa n'kungoonetsa mutu, ina m'litali, ina mutu, mpaka pakona. Yopingasayo ndi imene imagwira mzere wakunja ndi wamkati kuti isasiyane, ngati mayi wagwira ana awiri podutsa msewu. Pakati pake mulibe simenti. Muli laimu ndi mchenga wa kumtsinje. Bambo anga ankati khoma la laimu limapuma, chinyezi chikalowa chimatulukanso. Muyang'anenso pamwamba pa khomo. Palibe chitsulo, palibe konkire. Njerwa zaimirira mopindika ngati uta, ina kutsamira inzake, ndipo zasenza khoma lonselo zaka zonsezi osadandaula, kusiyana ndi anthu ena amene ndikuwadziwa. Cha m'munsi mwa zenera la nambala 3 muli njerwa yokhala ndi phazi la mbuzi. Inaponda njerwa zili ziwisi, zitangotuluka m'chikombole. Mbuziyo anthu anadya kalekale, phazi lilipo. Woyamba kulipeza ndidzamubweretsera chokoleti.

Zida za bambo anga zinkakwana m'thumba limodzi la chiguduli: mpeni womangira umene unadyeka mbali imodzi, chingwe, levulo yathabwa, ndi kachitsulo kolendewera pa ulusi koonera ngati khoma laima chilili. Kuno amaimika nyumba ya galasi lokhalokha mpaka kukagunda mitambo, chaka chisanathe anthu alowamo. Bambo anga ankatha m'mawa wathunthu pakona imodzi. Nthawi zina ankatumidwa kukakonza nyumba za pa masiteshoni a kutali, cha ku Luchenza uko, ndipo ine nditayamba kuphunzira ntchito ndinkapita nawo. Sitima yake yoyenda ngati ikuganiza, m'mazenera mukulowa fungo la nthochi ndi chimanga chootcha, azimayi akuthamanga m'mbali mwake ndi madengu pamutu. Tinkanyamuka m'mawa, kukafika dzuwa litapendeka, ulendo umene inu pa minibasi mungathe nyimbo zisanu. Palibe amene ankaona kuchedwa.

Tsopano tibwere pa chimene chikumusowetsa tulo Yamikani. Khoma la pakati pa nyumba ndi nyumba silifika kudenga. Limathera pamene pagona mitengo ya denga, pamwamba pake n'potseguka, kuyambira nambala 1 mpaka nambala 8. Siling'i sanaikemo. Ankati n'zoti mpweya uziyenda. Mpweya unkayendadi, koma nkhani nazo zinkayenda. A nambala 2 akakazinga usipa, a nambala 7 ankameza malovu. Wailesi inali imodzi mu mdadada wonse, koma uthenga wa maliro tinkamva tonse. Mayi anga mchere ukawathera sankatuluka panja ayi. Ankangokuwa, mukangoona kakapu kakutulukira pamwamba pa khoma katamangidwa kunsungwi. Kakapuko pobwerera sikankapita kopanda kanthu, ankaikamo kachidutswa ka chigumu kapena tomato muwiri. Nthawi ya chiperoni, Limbe yense atalowa mu nkhungu, nyumba ziwiri zinkagawana chumuni chimodzi, ndiye anzathu akasonkha moto khoma lathu linkafunda. Ine ndi azibale anga tinkamenyana polimbirana kugona motsamira khoma limenelo.

Ndili mwana zonsezi zinkandikoma. Nditakwatira zinasiya kukoma. Zina sindinena, ndinu ana.

Chimene chinandifikitsa pamapeto ndi Abiti Jana a nambala 5, amene mumawapatsa moni m'mawa uliwonsewo. Tsiku lina ine ndi agogo anu tinasemphana mawu. Nkhani yake inali ya njinga, ndinabwereketsa kwa mnzanga iwo akufuna kupita nayo kuchigayo. Ndili pakati podzikometsera mlandu, mawu anatsika kuchokera kudenga: "Bambo a Limbani, apa wolakwa ndinu."

Mudziwe kuti wolakwa ndinalidi ine, n'chifukwa chake zinandipweteka. Ndinakuwa kuti, "Abiti, nyumba yanga si bwalo la milandu! Makutu anuwo atalika ngati a bulu!"

Kuyambira tsiku limenelo, zaka khumi ndi chimodzi, ine ndi Abiti tinkangopatsana moni wa pakamwa, maso kumbali. Agogo anu okha ndi amene anapitiriza chinzawo ngati palibe chachitika.

Sabata yomweyo ndinagula njerwa kuti nditseke mpata uja mpaka kumalata. Ndinaziunjika kuseri, n'kupita ku Mulanje kumene ndinapeza ntchito ya masabata awiri. Pobwera ndinapeza njerwa zanga zasanduka khola la nkhuku. Lopindika, lopanda levulo, koma khola. Ndinati, "Mayi a Limbani, n'chiyani ichi?" Iwo osatembenuka n'komwe pamene ankatsuka mbale anati, "Nkhuku zinalibe pogona. Khomalo lagona choncho zaka zonsezi, silinadwalepo."

Pamenepo ndinalumbira mumtima kuti ndidzamanga nyumba yangayanga, yoima payokha, ya mpanda wautali, yoti ndikayetsemula ndizidziyankha ndekha. Ndinapeza puloti ku Machinjiri. Koma ntchito ya zomanga inayamba kusowa, anyamata a mabuloko a simenti anatilanda msika, msana nawo unayamba kulankhula. Mnzanga wa kutchalitchi amene amalondera kudoko la kuno la Jebel Ali ndi amene anandiuza kuti kuli banja lina la azungu likufuna munthu wachikulire, woti aziona dimba ndi kukonza tokonzakonza. Ndinabwera. Iwe Chisomo unali usanayambe sukulu.

Nditaona nyumba za kuno ndinati eya, uku ndiye kukhala. Nyumba iliyonse mpanda wake, wautali kuposa munthu ataimirira pa phewa la mnzake, geti lotseguka lokha. Zaka zinayi ndakhala pano, woyandikana nafe dzina lake sindilidziwa. Ndimangodziwa kuti ali ndi galimoto yoyera ndi galu wa mawu aang'ono. Ndinkati puloti yanga idzakhala chonchi.

Kenako inabwera korona. Inu munaiona kumeneko, koma kuno anatitsekera zenizeni. Masabata ena kuti upite kukagula buledi unkayamba wapempha chilolezo pa foni. Misewu ankaipopera mankhwala, ndege zinaima, kunyanja kopanda munthu. Mapemphero a Lamulungu tinkachitira pa foni, abusa akuoneka mphuno yokha. M'nyumba muno munatsekeredwa ine, madamu, abwana, ndi mlendo mmodzi amene anabwera kudzacheza masabata atatu okha: bambo awo a madamu, a Harold.

A Harold ndi gogo wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi atatu, wamtali, wowerama pang'ono, wochokera ku tauni ina ya kumpoto kwa Mangalande. Moyo wawo wonse anagwira ntchito yoyenda khomo ndi khomo kupereka makalata. Munthu wozolowera kuyenda ameneyo anamuika pa mpando pansi pa makina oziziritsa. Ngakhale ndege zitayambanso kuuluka, madamu anakana kuti abwerere, akuti kwawoko matenda achuluka. Madala aja anayamba kufota ngati duwa losathiriridwa. Mawu a Chiarabu anaphunzirapo amodzi okha, khalasi, kutanthauza kuti basi zatha, ndipo ankawauza mbale ya chakudya asanaigwire n'komwe. Thalauza linayamba kuwakhwepa. Madamu ndinawapezapo kawiri akulira kukhitchini.

Tsiku lina m'mawa ndikudulira maluwa, a Harold anatuluka n'kukhala pamthunzi, maso ali pa chithunzi chakale chimene chinali m'manja mwawo. Podutsa ndi ndowa ndinasuzumira. Ndowa ndinaitula pansi.

"Bwana," ndinatero m'Chingerezi changa cha pantchito, "uwu ndi mdadada!"

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Ndinatulutsa foni, n'kuwaonetsa chithunzi cha nambala 4, agogo anu ataima pakhonde atavala chitenje chawo chatsopano. A Harold anavala magalasi, anakulitsa chithunzicho ndi zala, anachikulitsanso. Agogo anu sanawayang'ane n'komwe, musakawauze. Maso awo anali pa khoma. Analoza ndi chala: yogona, yopingasa, yogona, yopingasa. Kenako analoza pa chithunzi chawo. Chimodzimodzi.

"Fakisoni," anatero, "iwe ndi ine tinakulira m'nyumba imodzi."

Ana inu, ine ndinkayesa mzungu aliyense amabadwira m'nyumba yaikulu ya kapinga. Ayi ndithu. Kwawo kwa a Harold kuli midadada ya njerwa yotalika msewu wathunthu, makomo makumi anayi kapena kuposa, ina kuyang'anana ndi inzake. Anamangira anthu ogwira ntchito m'mafakitale a nsalu. Kusiyana kwake n'koti yawoyo ndi yosanja: zipinda ziwiri pansi, ziwiri pamwamba, masitepe opapatiza oti bedi ankalowetsera pazenera. Khonde palibe, ukatsegula chitseko phazi latera kale mumsewu. Chimbudzi chinali kuseri, panja, m'dziko loti madzi amauma ndi kuzizira. Kuseri kwa zimbudziko kanjira kodutsa ngolo ya malasha. Njerwa zake zinali zofiira ngati zathu, koma utsi wa mafakitale unazidetsa bii. Ndipo akuti amayi awo m'mawa uliwonse ankagwada kukwecha sitepe ya pakhomo, chifukwa sitepe yakuda inali manyazi a msewu wonse. Ndinaseka mpaka misozi, pokumbukira mayi anga ndi polishi wofiira Loweruka, ife ana kutithamangitsira kumpopi kuti tisaponde.

Ndinawafunsa kuti, "Nanga khoma la pakati, limafika kudenga?"

Anati m'zipinda limafika, chifukwa kuli siling'i, koma pamwamba pa siling'i kale kunali kotseguka, moti ali mnyamata ankakwawa kuchoka kwawo kukatulukira nyumba yachisanu. Ndipo ngakhale khoma lifike, akuti njerwa imodzi siibisa kanthu. Mayi wina wamasiye woyandikana nawo, akuti zaka makumi anayi, m'mawa uliwonse ankagogoda khoma kawiri ndi supuni, iwo n'kuyankha kawiri. Kutanthauza kuti ndadzuka, nanunso mwadzuka.

Tsiku limenelo a Harold anamaliza mbale yonse. Madamu ndi munthu wochenjera. Anafunsa chimene tinkakambirana, ndipo patapita masiku atatu lole inatsitsa njerwa zofiira pageti, zochokera ku fakitale ya ku Dubai Investments Park. Akuti timange kabedi ka maluwa kofika m'chiuno.

Kabedi kameneko mmisiri aliyense angamange masiku atatu. Ife tinamanga miyezi itatu. Vuto linali loti a Harold njerwa sanagwirepo chibadwire, koma popeza anayang'ana makoma zaka makumi anayi akupereka makalata, ankadziyesa kapitawo. Sikisi koloko ali kale pakhomo panga, masiki ili pachibwano: "Yala, Fakisoni, yala!" Iwo kugwira chingwe, ine kuyala njerwa. Ndikayala mzere, iwo kutsinzina diso limodzi: "Yachitatuyo yatuluka." Ine: "Bwana, levulo ikuti ili bwino." Iwo: "Levulo yako ndi yachinyamata." Tinkagumula n'kuyambanso. Njerwa za kunonso ndi zosasangalatsa, zonse zofanana ngati masikono, zopanda ndi chala cha munthu chomwe. Tinazinyoza limodzi m'zilankhulo ziwiri. Ine ndinawaphunzitsa kunena kuti chikombole, ndipo mpaka lero amati chikombolo. Thalauza lija linayambanso kuwagwira.

Chakumapeto kwa chaka kunabwera uthenga woipa. Mayi wa supuni uja anamwalira. Anagwa m'nyumba, ndipo anamupeza patapita masiku awiri, chifukwa nyumba ya a Harold inali yotseka, panalibe woyembekezera kugogoda. Madala aja anakhala pa kabedi kathu tsiku lonse. Ine ndinangokhala nawo.

Tsopano tafika pa Januwale, mwezi umene matenda anavuta kwambiri kumudziko. Inu munali ku Lilongwe, munangomva kuti agogo ali kuchipatala. Mmene anafikirako simukudziwa, chifukwa eni ake amachita manyazi kufotokoza.

Ine ndi agogo anu tili ndi pangano. Ndikamaliza kuthirira, eyiti koloko kuno, kumeneko ili sikisi, ndimaimba foni. Dzulo lake anali atandiuza kuti ali ndi kachimfine, n'kundiletsa kuuza bambo anu. M'mawa umenewo ndinaimba, foni inalira mpaka kuduka. Ndinati mwina ali kumpopi. Ndinaimbanso. Kachitatu. Kachinayi.

A Harold anandiona nkhope. Nditawafotokozera, anati, "Imbira a khomo linalo."

Ndinati, "Nambala yawo ndilibe, bwana. Sitilankhulana bwinobwino."

Sindinawaonepo atakwiya chotero. Nkhope inafiira ngati njerwa yopsa. "Munthu wa khoma limodzi ndi mkazi wako, ulibe nambala yake? Ipeze. Pompano!"

Ndinaimbira bambo anu, iwo anafunsa mayi anu, nambala inabwera. Ndinaiyang'ana kanthawi. Zaka khumi ndi chimodzi. A Harold anandilanda foni, n'kudina okha, n'kundibwezera.

"Halo, ndani?" Mawu a Abiti, akupuma wefuwefu.

"Ndine bambo a Limbani, Abiti. Pepani kukuvutitsani m'mawa uno. Mayi a Limbani sakuyankha foni."

"Ndikudziwa. Tsache silinalire, wailesi sinalire, nkhuku sanatsegulire. Ndagogoda, ndakuwa, zii. Chitseko chanu cha mbawa chija amanga ndi chitsulo mkati, sichingathyoke. M'mazenera munaikamo zitsulo ndinu nomwe. Azibambo ena apita kuntchito, otsalawo aima uko atagwira mphuno, akuopa matenda. Ine ndili pa tebulo pano. Musadule."

"Pa tebulo? Abiti, mukufuna kutani?"

Foni anailowetsa m'bulauzi, ndipo zonse zotsatira ine ndinazimva ndili kuno, foni ili pakhutu, a Harold atagunditsa mutu wawo ku wanga. Pa tebulo anaikapo mpando. Pa mpando anavundikirapo ndowa. Abiti ndi munthu woposa zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo thupi lawo inu mukuliona nokha, Mulungu sanawamane. Ndinamva ndowa ikulira. Ndinamva "Bisimila." Ndinamva kukwekwesa, kubuula, nsalu ikung'ambika, fumbi likuwatsokomoletsa. Kenako phokoso lalikulu, khu!

"Abiti! Abiti!"

Mawu anatuluka m'bulauzi muja: "Wadirobu yanu yabooka pamwamba. Mudzakonza."

Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Ndinkangomva mtima wa Abiti ukugunda pa foni, ndi wanga kuno.

"Alipo," anatero. "Ali pansi pafupi ndi bedi. Akupuma, koma movutika. Thupi latentha ngati mbaula."

Ndipo chapansipansi ndinamva mawu a agogo anu, ang'onoang'ono ngati a mwana: "Abiti, mwadzera kuti?"

"Pamwamba, mnzanga. Njira ya mchere."

Ndinakhala pa kabedi kathu ka maluwa ndi kulira ngati Chisomo akamulanda mbatata. A Harold anaiwala lamulo lokhala motalikirana, anandigwira paphewa osandisiya.

Abiti anamanga mpango kumphuno, anatsegula chitseko, n'kuwakalipira azibambo aja mpaka wa nambala 7 anatulutsa minibasi yake. Anawanyamula okha agogo anu, kumsana, mpaka m'galimoto. Kuchipatala anawaika pa mpweya masiku asanu ndi anayi. Adokotala anauza bambo anu kuti akanachedwa mpaka masana, bwenzi nkhani ili ina. Abiti anadzitsekera m'nyumba masabata awiri kudikira matenda, koma sanawagwire. Chimene anapeza ndi bondo lotupa ndi chitenje chong'ambika.

Agogo anu atatuluka, ndinawaimbira Abiti. Mawu ndinali nditawakonza masiku atatu, koma atayankha onse anathawa. Ndinangoti, "Abiti, za makutu zija. Ndinalakwa. Mundikhululukire."

Anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Bambo a Limbani, makutuwa akanakhala aafupi, bwenzi lero mukulira maliro pa foni. Asiyeni atalike."

A Harold anabayitsa katemera kawiri, ndipo mwezi wathawu madamu anawalola kupita. Pabwalo la ndege sindinawaperekeze, tinatsanzikana pageti. Anandipatsa chithunzi chawo chija, ine ndinawapatsa chingwe chathu chomangira. Sabata yatha anandiimbira. Akuti m'nyumba ya mayi wa supuni mwalowa banja lachinyamata la mwana wakhanda wolira kwambiri, ndipo tsiku loyamba lomwelo anakagogoda kukapempha nambala yawo. Akuti khandalo likalira amagona bwino. Kabedi kathu kali pompano, madamu anadzalamo maluwa ofiira. Mzere wachitatu ndi wopindikadi pang'ono, koma musakawauze a Harold.

Nyumba ya ku Machinjiri yafika m'mazenera. Bambo anu akufuna timalize msanga kuti agogo anu asamukireko, akuti kuli mpweya wabwino ndi bata. Ndi mwana wabwino, akuganizira mayi ake. Ine ndinawafunsa eni ake. Anati, "Kumeneko ndikadzagwa, adzandimve ndani? Mpanda?" Ndiye ndaganiza, ndipo bambo anu akamvera mawu awa adziwiretu: nyumba imeneyo amalize okha, idzakhale yanu. Mudzayetsemule momasuka. Ine kontirakiti ikatha mu Disembala, inshala, monga amanenera kuno, ndikubwerera ku nambala 4.

Ndipo ntchito ikundidikira kale. Ndinawafunsa Abiti kuti ndiwabweretsere chiyani kuchokera ku Dubai, nsalu, mafuta onunkhira, kapena foni yatsopano. Anakana zonse. Anati, "Ine msinkhu wokwera makoma unatha tsiku lija. Mukabwera mudzandiboolere khomo pakhoma lapakatili, kuti mnzanga akadzachedwa kudzuka ndizingolowa ngati munthu." Agogo anu avomera. Ine ndavomera.

Ndiye ntchito yanu nayi, inu odandaula. Matabwa a chitseko ndikufuna adulidwe ndisanafike. Tadala, upeze chingwe. Yamikani, uyeze kuchokera pansi mpaka pamene pafika mutu wa agogo anu, uwonjezepo zikhatho ziwiri, umange mfundo. Kumeneko ndiko kutalika kwake. M'lifupi ndimo muli nkhani, chifukwa khomolo liyenera kudutsa Abiti atanyamula mbale manja onse awiri. Iwe Chisomo ndiwe amene amakukonda. Upite ukawakumbatire m'chiuno chingwe chili m'manja, ugwire pamene chathera, ubwere nacho osaseka.

Akakugwira, unene kuti watumidwa ndi agogo aakazi.